Dragon Ball Z: Kakarot, gemu ya zibakera yodzadza ndi nkhani za m'banja ndi adani otembenuka mtima: zimayenda bwanji?

Munthu ukamayatsa Dragon Ball Z: Kakarot koyamba umayembekeza zija za pa TV, anthu atsitsi lachikasu akukuwa mpaka mapiri kugumuka. Zimenezo zilimo ndithu, zambirinso. Koma ka ndewu koyambirira kakangotha gemu imakuika m'nkhalango, ndiwe Goku, ndipo kumbuyo kwako kukubwera kamwana ka zaka 4, Gohan, kamantha, koyenda pang'onopang'ono moti sungathamange n'kukasiya. Mumatola zipatso limodzi, mumakawedza nsomba, kuiwotcha pamoto n'kudya, kenako kukwera kamtambo kachikasu kubwerera kunyumba komwe mayi ake Chi-Chi akudikira.

Apa nde pamene ena amayamba kufunsa kuti kodi ndagula gemu yolondola? Kudabwa kwina kumabwera kutsogolo, chifukwa munthu wobiriwira amene wangopha Goku ndi yemweyo akulera mwana wa Goku, ndipo uja anabwera kudzawononga dziko lapansi ukumupeza akukhala kwa Bulma, mnzake wa Goku wa kalekale, mpaka kubereka naye mwana. Amene sanaonere kuyambira pachiyambi zimawazunguza mutu, olo amene anaonera zonse amakanganabe mpaka lero kuti anthu amenewa anayenera kukhululukidwa kapena ayi. Tiyeni tizitenge chimodzichimodzi.

Manga, anime ndi gemu si chinthu chimodzi

Manga ndi nkhani yojambula pa pepala ya ku Japan, anime ndi katuni yake ya pa TV. Dragon Ball inayamba ngati manga, wojambula wake anali Akira Toriyama, ndipo inkatuluka sabata iliyonse m'magazini ya Weekly Shōnen Jump kuyambira 1984 mpaka 1995, zonse pamodzi ma chaputala 519 m'mabuku 42. Kampani ya Toei Animation ndi imene inaisandutsa katuni, inaigawa pawiri: Dragon Ball ya 1986 mpaka 1989 yomwe Goku ali mwana, kenako Dragon Ball Z ya 1989 mpaka 1996, ma episodi 291, Goku ali bambo wapabanja.

Gemu ya Kakarot inatuluka mu Januwale 2020 pa PlayStation 4, Xbox One ndi kompyuta, ya Nintendo Switch inabwera mu 2021, ya PlayStation 5 ndi Xbox Series mu 2023. Anaipanga ndi a CyberConnect2 a mumzinda wa Fukuoka, omwewo anapanga magemu a Naruto aja a Ultimate Ninja Storm, ndipo oigulitsa ndi Bandai Namco. Kakarot ndi dzina lomwe Goku anapatsidwa kwawo asanatumizidwe kuno ali khanda, Vegeta, uja anabwera kudzawononga dziko lapansi, amamuitana ndi dzina limenelo basi.

Kusiyana kwake ndi magemu ena a Dragon Ball ndi uku: mu FighterZ ya 2018, chachikulu ndi kusankha anthu ako n'kumenyana ndi mnzako. Kakarot ndi RPG, kutanthauza kuti umakhala m'dziko la nkhaniyo, umauluka, umalowa m'matauni, anthu amakutuma, mphamvu zako zimakula pang'onopang'ono. Vuto lake n'lakuti imayambira pa Z, zaka zonse za ubwana wa Goku imazidumpha, umangozipeza m'tizithunzi totola m'njira ndi m'kabuku kofotokoza zinthu ka m'gemumo. Nde munthu watsopano sadziwa chifukwa chake aliyense amanjenjemera akaona Piccolo, munthu wobiriwira uja.

Filler ndi nthawi zopuma

Katuni inkathamanga kuposa manga, chifukwa episodi imodzi imatha kudya ma chaputala angapo pamene Toriyama akujambula amodzi pa sabata. Pofuna kuti asamupitirire, a Toei ankalemba nkhani zawozawo zongodzazira nthawi, zimenezi ndi zomwe ma fans amazitcha filler. Ambiri amazida, mu 2009 mpaka kunatuluka Dragon Ball Kai yomwe cholinga chake chinali kudula zambiri mwa izo.

Koma zina mwa filler ndi zomwe anthu amazikumbukira kwambiri, ndipo yotchuka ndi ya episodi 125. Chi-Chi watopa kuyenda wapansi ndi katundu wa ku msika pamene mabanja ena ali ndi galimoto, nde akulamula Goku ndi Piccolo kuti akatenge laisensi. Anthu awiri otha kuuluka, wina wake anali mdani wa dziko lonse, akuphunzira kuyendetsa galimoto poopa mkwiyo wa mayi wa pakhomo, Piccolo atavala kapu chambuyo ndi malaya olemba POSTBOY. Mu manga mulibe zimenezi. A CyberConnect2 anaziika m'gemu, ndipo pakati pa nkhondo zikuluzikulu anaikanso nthawi zopuma zomwe palibe mdani akubwera, umangozungulira, kuthandiza anthu, kukumananso ndi akalekale ngati Android 8, Nam ndi Launch.

Ena amati magawo amenewa amatopetsa, kutumidwa kukatola nyama ndi zitsulo mobwerezabwereza, ndipo dandaulo limenelo lili ndi mutu wake. Koma kwa ine apa ndi pamene gemuyi imasiyanira ndi anzake, chifukwa kuti ukhulupirire kuti munthu wasintha umafunika kumuona tsiku lomwe kulibe nkhondo. Piccolo wa m'galimoto uja amakuuza zambiri za mmene wasinthira kuposa mmene angakuuzire akumenya mdani wamkulu ngati Frieza.

Banja ngati mbali ya kaseweredwe

Mu katuni banja umangoliona, m'gemu analisandutsa chinthu chokhala ndi phindu kwa wosewera. Ukawedza nsomba, ukasaka nyama, ukathyola zipatso, utha kuwotcha wekha pamoto n'kupeza mphamvu pang'ono, koma ukapita nazo kwa Chi-Chi amaphika chakudya chodzadza tebulo chomwe chimakweza mphamvu zako kwambiri. Nde kupita kunyumba kukadya si kutaya nthawi, wosewera wanzeru amapitako asanakumane ndi mdani wovuta. Kawedzedwe kake nakonso ndi koseketsa, Goku ali mwana ankaviika mchira m'madzi ngati nyambo, pano mchira alibe, nde amavala wochita kupanga umene Bulma anamupatsa, nsomba ikalumpha amaimenya chibakera.

Palinso chomwe amachitcha Community Board. Munthu aliyense amene wadziwana naye amakupatsa kambendera kokhala ndi nkhope yake, Soul Emblem, ndipo timbendera timeneti umatisanja pa mabolodi osiyanasiyana, lina la ankhondo lotsogozedwa ndi Goku, lina la zophika lotsogozedwa ndi Chi-Chi, lina la zopangapanga la Bulma. Ukaika moyandikana anthu omwe ali ndi ubale m'nkhaniyo, monga Goku ndi Gohan, umalandira bonasi. Mwachidule gemu ikukuuza kuti kudziwa ndani ndi mbale wa ndani kuli ndi phindu lake.

Chinthu china chokoma kwa amene amasewera ndi mawu a Chijapani: Goku, Gohan, Goten ndi Bardock bambo ake a Goku, onsewa mawu awo ndi a mayi mmodzi, Masako Nozawa, wobadwa mu 1936. Agogo, bambo ndi ana awiri, pakamwa pamodzi. Nde pamene Gohan akumaliza mdani wotchedwa Cell ndi dzanja limodzi, bambo ake omwe angomwalira kumene akumulimbikitsa kuchokera kudziko la akufa, amene akukuwa mbali zonse ziwiri ndi munthu mmodzi yemweyo.

Mdani wosanduka mnzako: zinachokera kuti?

Izi sizinayambe ndi Vegeta ayi. Toriyama anatenga maziko a Dragon Ball ku nkhani yakale ya ku China ya m'zaka za m'ma 1500, Journey to the West, yomwe mmonke amapita ku India kukatenga malemba a Chibuda. Omuperekeza ake, nyani Sun Wukong, wankhope ya nkhumba Zhu Bajie ndi chiwanda cha mumtsinje Sha Wujing, onse anali olakwa omwe ulendowo unali njira yawo yolipira milandu. Goku anachokera kwa nyani uja, Oolong kwa nkhumba, Yamcha kwa wa mumtsinje. Ndipo n'zoonadi, Oolong poyamba ankaba atsikana m'mudzi, Yamcha anali wachifwamba wa m'chipululu, Tien ankafuna kukhala wopha anthu pa ganyu ndipo anathyola mwendo wa Yamcha mwadala pa mpikisano. Ukawerenga bwino gulu lomwe timalitcha anzake a Goku, ambiri anayamba akufuna kumupweteka.

Poyerekeza ndi ma anime ena omwe a CyberConnect2 anawapangiranso magemu, kusiyana kumaoneka. Mu Naruto, mdani ngati Gaara kapena Nagato amasintha atamva mawu, Naruto amamuuza kuti ululu wako ndikuudziwa, timaonetsedwa ubwana wake wowawa, kenako mtima umasweka. Mu Demon Slayer ziwanda zambiri zimamveredwa chisoni pa mphindi yomaliza koma zimafabe. Mu Dragon Ball palibe amene amalalikira. Goku sauza munthu kuti lapa, kawirikawiri amangomusiya wamoyo, kenako pamabwera mdani wamkulu kuposa onse awiri, amakakamizika kugwirizana, ndipo zaka zikamadutsa munthu uja umangomupeza ali nawo pa chakudya. Sipakhala tsiku lenileni loti apa nde wakhululukidwa.

Piccolo

Bambo ake a Piccolo, King Piccolo, anali chiwanda chenicheni, analanda ufumu wa dziko lonse, wantchito wake anapha Krillin, mnzake wapamtima wa Goku, iye mwini anapha ngakhale chinjoka Shenron, chomwe chimatuluka n'kukwaniritsa pempho la munthu amene wasonkhanitsa timipira 7 totchedwa ma Dragon Ball. Goku atamuboola pamimba analavula dzira asanafe, ndipo m'dziramo ndi momwe munatuluka Piccolo timamudziwayu, mwana wake komanso iye yemwe wobadwanso, ntchito yake imodzi yokha, kubwezera. Anakumana ndi Goku pa mpikisano wa zibakera wa nambala 23, anagonja, Goku anamupatsa nyemba ya senzu kuti achire. Gawo limeneli linadzabwera m'gemu mu 2023 ngati DLC, kutanthauza zowonjezera zogula padera.

Nkhani ya Kakarot imayamba patapita zaka 5. Raditz, mkulu wake weniweni wa Goku, wabwera n'kuba Gohan, nde Goku ndi Piccolo akugwirizana chifukwa palibe angamuthe yekha. Goku akumugwira Raditz chakumbuyo, Piccolo akuwombera, onse awiri akufa. Ndiye kuti chomwe anabadwira wachichita. Koma wamva kuti pakatha chaka kukubwera ma Saiyan, anthu a mtundu wa Goku ndi Raditz, awiri oopsa kuposa Raditz, ndipo waona mphamvu yobisika mwa Gohan, nde akumutenga mwanayo osapempha mayi ake, n'kukamusiya yekha m'tchire miyezi 6 kuti aphunzire kudzisamala. Tisazikometse, kumeneku kunali kuba mwana, ndipo cholinga chinali kupanga chida.

Zomwe zimagwira mtima ndi zing'onozing'ono. Gohan wakanirira pamwamba pa thanthwe, akulira ndi njala usiku, mwadzidzidzi akupeza maapozi pambali pake, osadziwa kuti wawaika ndani, akudandaulanso kuti ndi owawasa pamene Piccolo akumvetsera chapatali atakwiya. Mwanayo atasanduka chinyani chachikulu poona mwezi, Piccolo akuphulitsa mwezi, kumuchotsa mchira, kenako kumusiyira zovala ndi lupanga ali mtulo. Gohan samuopa mmene ena amamuopera, amamulankhula ngati munthu, amamufunsa mafunso achibwana madzulo pamoto. Tsiku la nkhondo litafika, Nappa, mmodzi wa ma Saiyan awiri aja, akuponya moto woti umalize Gohan, Piccolo akuima kutsogolo n'kuulandira yekha, ndipo akufa akulira, akumuuza Gohan kuti ndi iye yekha amene anamulankhulapo bwinobwino. M'gemu izi zimapweteka kwambiri chifukwa miyezi ija wakhala ukusewera ngati Gohan, wosatha kuuluka, wothamangitsidwa ndi madinosa, nde ukudziwa komwe awiriwa achokera.

Ngati mukufuna chofanizira, ali ngati malume amene watsala ndi ana bambo ali ku Joni zaka ndi zaka, wolusa, wosaseka, koma mwana akadwala usiku amene amadzuka ndi iyeyo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, Piccolo anazifikapo osafuna. Pa nkhondo ya Cell, Gohan anapempha yekha kuti avale zovala zofanana ndi za Piccolo osati za bambo ake, ndipo amene anadzudzula Goku pamaso kuti uyo akuphwanyidwayo ndi mwana wamantha osati msilikali anali Piccolo.

Vegeta, amene amagawanitsa anthu

Nkhani ya Piccolo ndi yosavuta kuilandira chifukwa zoipa zambiri anachita ndi bambo ake. Ya Vegeta ndi ina. Iye ndi kalonga wa ma Saiyan, mtundu womwe unkapha anthu a mapulaneti ena n'kugulitsa mapulanetiwo, ndipo anakula akugwirira ntchito Frieza, yemwenso anaphulitsa dziko lakwawo. Vegeta atabwera padziko lapansi, Yamcha, Chiaotzu, Tien ndi Piccolo anafa pa nkhondoyo, ndipo Nappa mnzake atavulala anamupha ndi manja ake. Krillin anali atanyamula lupanga kuti amumalize, Goku nde anapempha kuti amusiye, osati chifukwa cha chifundo kwenikweni koma poti ankafuna adzamenyane nayenso. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga.

Ku pulaneti ya Namek anapha mudzi wonse, akulu ndi ana omwe, pofuna Dragon Ball imodzi. Kenako Frieza anamupha, ndipo anafa akulira, akupempha Goku kuti abwezere mtundu wawo, Goku anamukumbira manda. Pempho linaperekedwa kwa Shenron loti onse ophedwa ndi Frieza ndi anthu ake auke, Vegeta anauka nawo, koma a m'mudzi uja sanauke chifukwa nthawi imene ankawapha sanalinso munthu wa Frieza. Wakupha anauka, ophedwa anatsala.

Kuchoka apo kusintha kwake kunayenda mwa kamba. Bulma anamupatsa pokhala ku Capsule Corporation, anabereka Trunks, koma ndege yomwe munali Bulma ndi khandalo itawomberedwa iye sanasunthe n'komwe, anawapulumutsa ndi Trunks wamkulu wochokera kutsogolo. Analola Cell kuti afike pa mphamvu zake zonse chifukwa cha matama basi. Koyamba kuoneka kuti mwa iye muli bambo ndi pamene Cell anapha Trunks wamkulu uja, anapenga n'kumulumphira akudziwa kuti sangamuthe, kenako anapepesa kwa Gohan, chinthu chomwe palibe anachiyembekezera.

Patatha zaka 7 tikumuona akuphunzitsa Trunks wamng'ono, akumulonjeza kuti akangomumenya kumaso kamodzi apita naye kumalo osewerera ana. Ukuganiza kuti zatheka. Ndiye akubwera mfiti Babidi, ndipo Vegeta akudzipereka dala kuti amulodze, akuphulitsa mbali ya sitediyamu ya mpikisano yodzadza ndi anthu kuti Goku avomere ndewu. Chifukwa chomwe akupereka ndi chomwe chimapangitsa nkhani yake kukhala yolemera: wazindikira kuti wayamba kukonda banja lake ndi moyo wa padziko lapansi, ndipo zimenezo zikumunyansa, akufuna abwerere kukhala wouma mtima wakale uja. Tsiku lomwelo Majin Buu, chilombo chomwe Babidi ankafuna kudzutsa, atadzuka chifukwa cha ndewu yawoyo, Vegeta akumuuza Trunks kuti chibadwire sanamukumbatirepo, akumukumbatira, mwanayo akuchita manyazi, kenako akumukomola kuti Piccolo amuchotsepo. Akufunsa Piccolo ngati akakumane ndi Kakarot kudziko la akufa, Piccolo osamunyengerera, akumuuza kuti ayi, wapha osalakwa ambiri, komwe akupita ndi kwina. Akudziphulitsabe. Ndipo Buu sanafe.

Chigamulo cha nkhaniyo pa Vegeta chimabwera mwakachetechete kumapeto. Akupempha chinjoka cha ku Namek kuti chiukitse onse omwe afa kuyambira tsiku la mpikisano kupatula oipitsitsa, ndipo kamphete ka akufa kamene kanali pamutu pa Vegeta kakuzimiririka. Chinjoka sichinamuwerengere m'gulu la oipitsitsa. Amene amamukonda amati umboni ndi umenewo, munthu anasintha pa zaka zambiri, anagwa, anadzuka, anapereka moyo osayembekeza mphotho. Amene samuvomereza amati chinjoka si khoti, ndipo a m'mudzi wa ku Namek palibe anawafunsa maganizo. Manga yopitiriza nkhaniyi ya Dragon Ball Super inadzabwereranso ku nkhaniyi, Vegeta akuteteza anthu a ku Namek n'kuvomera kuti anawalakwira, koma zimenezo m'nkhani yaikulu ya Kakarot mulibe.

Android 18 ndi Buu

18 ndi mlongo wake 17 anali anthu wamba omwe Dr. Gero anawagwira n'kuwasandutsa zida zophera Goku. M'dziko la Trunks wa kutsogolo awiriwa anapha pafupifupi ankhondo onse, ndipo DLC ya 2021 yotchedwa Trunks: The Warrior of Hope imakuonetsa zimenezo, Gohan wamkulu wa dzanja limodzi akulera Trunks mpaka kuphedwa pa mvula. Koma m'dziko la nkhani yaikulu anthu awiri omwewo anapha Dr. Gero, anaba galimoto ndi zovala, kuthyola mkono wa Vegeta n'kumenya anzake, basi. Krillin anali ndi limoti yoti amuzimitse 18, anaiponda n'kuiphwanya, ndipo pambuyo pake anapempha Shenron kuti achotse mabomba m'matupi mwawo. Anakwatirana, mwana wawo ndi Marron. Nde ena amafunsa kuti kodi 18 ameneyu anali ndi chani choti alape, poti milandu yaikulu ndi ya 18 winayo?

Buu wonenepa uja anapha anthu osawerengeka, ena kuwasandutsa maswiti n'kuwadya, koma maganizo ake ndi a mwana. Amene anamusintha ndi Mr. Satan, munthu wabodza ndi wamantha yemwe anapita kukamupha ndi chokoleti chapoizoni n'kuthera kumuphikira. Buu anachiza kagalu kovulala, Mr. Satan anamufunsa chifukwa chake amapha, iye anati ndi zomwe anauzidwa ndi omwe ankamulamula, atauzidwa kuti n'zoipa anati wasiya. Zinasokonekera pamene anthu awiri amfuti anawombera kagaluko, kenako Mr. Satan, mkwiyo wa Buu n'kutulutsa Buu wina woipa. Zonse zitatha Goku ndi anzake anapempha Shenron kuti anthu aiwale za Buu kuti azitha kuyenda m'tauni. Kumeneko ndi kukhululuka kapena kufufuta umboni? Aliyense amayankha zake.

Osasintha alipo. Raditz, Nappa, Frieza ndi Cell amafa ali oipa, ndipo Frieza anapatsidwa mwayi ku Namek, Goku anamugawirako mphamvu atadukaduka, iye anaigwiritsa ntchito kumuwombera kumsana. M'gemu utha kusonkhanitsa ma Dragon Ball 7 n'kuukitsa ena mwa adani amenewa kuti umenyane nawonso, kenako nkhope zawo zimalowa pa bolodi lija limodzi ndi anzako, zomwe ndi zokoma posewera koma zimasokoneza mzere wa pakati pa wolapa ndi wosalapa.

Nanga Goku ndi bambo wabwino?

Mkangano uwu ndi wakale kuposa gemuyi. Odzudzula amawerenga zaka: anafa pa Raditz, atagonjetsa Frieza anakana kubwezedwa kunyumba n'kutsala ku pulaneti ya Yardrat akuphunzira, anaponya Gohan kwa Cell n'kumupatsanso Cell nyemba ya senzu kuti ndewu ikhale yachilungamo, atafa kachiwiri anasankha kukhala komweko zaka 7 moti Goten anabadwa n'kukula osamudziwa, tsiku lokumana anabisala kuseri kwa mayi ake. Ndipo kumapeto kwenikweni, pa mpikisano wa nambala 28, akusiya banja lonse ndi mdzukulu wake Pan n'kuuluka ndi Uub, mnyamata wa kumudzi wosauka yemwe ndi Buu woipa uja wobadwanso monga Goku anapemphera.

Omuikira kumbuyo amati kawiri konse anafera ana ndi dziko, anatsala kwa akufa poona kuti adani ambiri amabwera chifukwa cha iye, ndipo ndi munthu amene anakulira yekha m'phiri agogo ake omulera atamwalira, opondedwa ndi iye mwini atasanduka chinyani osadziwa. Mwana wake anamutcha dzina la agogowo, Gohan, ndipo Dragon Ball ya nyenyezi 4 yomwe anamusiyira anaiika pa chipewa cha mwanayo. Toriyama ananenapo m'ma intavyu kuti Goku wake samenyera anthu ena kwenikweni, amamenya chifukwa amakonda kulimbana ndi amphamvu, ndipo ankaona kuti katuni inkamupanga ngwazi yolungama kuposa mmene iye ankafunira. Gemu ya Kakarot, poyamba ndi nsomba zija, imakokera ku mbali ya Goku wofunda mtima, koma zaka zosowa zija sinazichotse, umazisewera ndithu uli Gohan.

Zomwe zikadali poyera

Choyamba ndi nkhani ya zenizeni ndi ziti. M'gemu muli zinthu zatsopano, monga Bonyu, mkazi yemwe anali m'gulu la ankhondo a Frieza la Ginyu Force, wojambulidwa ndi Toriyama mwini, koma mulinso filler yomwe sanalembe iye. Bardock nayenso alipo awiri, wa mu filimu ya pa TV ya 1990 wosalabadira khanda lake, yemwe DLC ya 2023 inatsatira, ndi wa mu Dragon Ball Minus ya 2014 amene iye ndi mkazi wake Gine akutumiza mwana wawo kutali kuti apulumuke. Kodi Goku anatumizidwa kudzawononga dziko kapena anathawitsidwa ndi makolo omukonda? Zimatengera mwatsegula buku liti.

Chachiwiri, kodi kulapa kumalemera bwanji m'dziko lomwe akufa amauka? Anthu a mu sitediyamu aja anaukitsidwa, ophedwa ndi Buu anaukitsidwa, nde ena amati mlandu unatha, ena amati kuukitsidwa ndi wina sikuchotsa zomwe wakuphayo anasankha kuchita. Nanga mapulaneti omwe Vegeta anawononga asanafike kuno, omwe mayina awo sitiwadziwa n'komwe?

Chachitatu, chifundo cha Goku tichitche chifundo? Anasiya Piccolo ndi Vegeta amoyo zinathandiza dziko, anasiya Frieza zinatsala pang'ono kumupha, anavomereza kuti Dr. Gero asasakidwe msanga chifukwa ankafuna kulimbana ndi ma Android, zotsatira zake anthu ambiri anafa. Mtima ndi umodzi womwewo, zotsatira zosiyana.

Palinso Chi-Chi, yemwe kwa zaka zambiri ma fans ankamutenga ngati mayi wolongolola wolepheretsa mwana kukhala ngwazi, pamene pano ambiri akufunsa kuti mayi amene mwana wake wa zaka 4 anatengedwa chaka chathunthu akanalankhula bwanji. Gemu inamupatsa khitchini ndi bolodi lake, koma kodi zimenezo ndi kumulemekeza kapena kumutsekera pa mphika?

Ndipo lomaliza ndi la amene adzayankhe mafunso amenewa. DLC ya Goku's Next Journey, yomwe ili ndi Pan ndi Uub, inatuluka mu Febuluwale 2024, ndipo pa 1 Malichi chaka chomwecho Toriyama anamwalira ali ndi zaka 68. Toyotarou, amene amajambula manga ya Super, alipo, a Toei, a Shueisha osindikiza manga ndi a Bandai Namco aliponso, koma Vegeta kapena Piccolo akadzachita chinthu chatsopano m'gemu ina kapena DLC ina, kodi ma fans adzachilandira ngati mbali ya moyo wa anthu amenewa, kapena adzangochiika m'gulu la filler?